Kagalimoto Kakale ndi Ng'ombe Ziwiri za Pagoli

Chaka ndi chaka, m'miyezi ya Julayi ndi Ogasiti pamene soya, nshawa ndi chimanga zagulitsidwa, ndimalandira funso limene silili pa ndandanda ya maphunziro athu. Mlimi amene anaphunzira pano amafika, napereka moni, nafunsa za aphunzitsi ena ndi za nkhumba zimene anazisiya zili ana, kenaka n'kutulutsa foni m'thumba. M'fonimo muli chithunzi cha kagalimoto kotsukidwa bwino, kaatali miyendo, tayala lina litapachikidwa kumbuyo. Nthawi zina ndi Suzuki, nthawi zina Pajero yaing'ono ija. "Aphunzitsi, kali ku Chipata, mwini wake akufuna ndalama msanga. Kodi ndigule?" Ndayankha funso limeneli pansi pa mtengo kambirimbiri, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndililembe pano kuti yankho langa lifikenso kwa amene amagula asanafunse.

Chikhumbo chimenechi sindichinyoza. Munthu amene amakhala m'mbali mwa msewu wa tala sangamvetse chimene chimavuta mlimi wa m'kati mwa Chadiza, Vubwi kapena kumidzi ya kutali ya Lundazi mvula ikakhazikika. Mu Januwale ndi Febuluwale njira ya makande imasanduka phala, minibasi imalekera patali, ndipo matimati amene akanagulidwa bwino m'tauni amaolera m'madengu. Amene ananyamulapo mayi wodwala pakati pa ngolo usiku, kulinga ku chipatala cha St Francis ku Katete kapena ku Mwami, amadziwa kutalika kwake kwa makilomita 20. Galimoto yokoka ndi mawilo onse anayi imafupikitsa ulendo wotero, ndipo ine mwini ndili nako kamodzi kamene kanditumikira zaka zambiri. Chotero sindilemba ngati munthu wodana ndi galimoto.

Maganizo anga ndi awa: kagalimoto kakale ka 4x4 ndi chida chabwino kwa mlimi amene ali ndi ndalama yolowa mwezi ndi mwezi, koma kwa mlimi amene amagwira ndalama kamodzi pachaka ndi msampha. Ndipo amene akugulitsa ng'ombe zapagoli kuti akagule, akusinthanitsa chinthu chomudyetsa ndi chinthu chimene iye adzayenera kuchidyetsa.

Tiyambe ndi chimene timagalimoto timeneti tinapangidwira. Suzuki Jimny inayamba kupangidwa ku Japan mu 1970, ndipo mtundu wake umene timauona kwambiri kuno unapangidwa kuyambira 1998 mpaka 2018. Mitsubishi Pajero Mini inatuluka mu 1994 ndi kulekeka mu 2012. Ndi timagalimoto topepuka, ndipo kupepukako ndiye mphamvu yake: pamene lole yolemera imatitimira, iko kamayandama pamwamba pa matope n'kudutsa. Koma kupepuka komweko kuli ndi malire ake. Jimny yopanda kanthu imalemera pang'ono kupitirira tani imodzi, ndipo katundu yense amene inaloledwa kunyamula, kuphatikizapo anthu, ndi makilogalamu pafupifupi 350. Chotsanipo woyendetsa ndi mnzake mmodzi, mwatsala ndi malo a masaka anayi a makilogalamu 50. Masaka anayi okha! Ngolo yabwino yokokedwa ndi ng'ombe ziwiri imanyamula oposa pamenepo kawiri, yosafuna petulo ngakhale dontho. Amene akuganiza kuti kagalimotoka kadzatuta chimanga cha mahekitala atatu kupita nacho ku depoti ya FRA, kapena kubweretsa fataleza wa mudzi wonse, akulingalira za galimoto ina, osati iyi.

Ndikudziwa yankho lake: "Kwathu kuno timapakira mpaka kudenga ndipo imayenda." Imayendadi. Imayenda mwezi woyamba ndi wachiwiri. Pambuyo pake masipulingi amagona, mashoko amatha, kilachi imanunkha pa chitunda, ndipo chasisi imayamba kung'aluka pafupi ndi pamene pamangidwa masipulingi akumbuyo. Kuwonjezera apo, timagalimoto timeneti ndi tatifupi, topapatiza ndi totalika msinkhu. Mukasanjika masaka padenga, kamagubuduka mosavuta pokhota. Zimenezi sizichitika chifukwa choti galimoto ndi yoipa. Mbuzi yasenzetsedwa katundu wa bulu.

Ndifotokoze za mlimi wina amene anaphunzira pano, munthu wakhama amene munda wake tinkapita nawo alendo kukaona mizere ya lipa yowongoka ngati yojambula. Chaka china soya anamuyendera bwino, koma ndalama inaperewera pang'ono pa mtengo wa kagalimoto kamene anakaona. Anagulitsa ng'ombe zake ziwiri zophunzitsidwa kale goli, nati adzagula zina chaka chamawa. Mwezi wa Okutobala anali mfumu ya m'mudzi. Ku maliro ndi ku ukwati ankamutuma iye, ndipo achibale sankalipira, pakuti mbale salipiritsidwa. Mvula yoyamba itagwa, anapezeka pa mzere wa anthu obwereka ng'ombe, ndipo mwini ng'ombe amayamba walima munda wake. Anabzala mochedwa ndi milungu itatu. Inu amene munakhala m'kalasi mwathu mukudziwa chimene kuchedwa kotero kumachita pa chimanga. Mu Febuluwale pampu ya petulo inafa, m'nyumba mulibe ndalama, ndipo kagalimoto kanakwera pa njerwa. Pamene ndinapita kukamuona, nkhuku inali itaikira mazira pa mpando wakumbuyo. Tinaseka tonse awiri, koma kuseka kwake kunali kwa munthu amene misozi ili pafupi.

Ng'ombe imabereka, imapereka manyowa, ndipo chaka cha njala imagulitsidwa n'kugula chakudya. Tonse tikukumbukira chilala cha nyengo ya 2023 mpaka 2024, pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale 2024 kuti dziko lili pa tsoka. Chaka chimenecho mabanja ambiri anapulumukira pa mbuzi ndi ng'ombe. Galimoto yakufa, m'chaka chimene aliyense alibe ndalama, simupeza woigula koma pa mtengo wa zitsulo.

Cholakwa chachikulu cha ogula ambiri ndi kuganiza kuti mtengo wa galimoto ndi ndalama imene apereka tsiku logula. Imeneyo ndi malowolo chabe. Banja lenileni limayamba m'mawa mwake. Pali msonkho wa pamsewu ndi chiphaso cha fitinesi ku RTSA, pali inshuwalansi imene lamulo limafuna, pali oilo ndi mafyuluta, pali batire, pali matayala amene m'njira za zitsa ndi miyala sakhalitsa. Ndiye pali petulo. Boma litachotsa chithandizo pa mtengo wa mafuta mu Disembala 2021, bungwe la ERB linayamba kuunikanso mitengo mwezi ndi mwezi, chotero palibe amene anganene lero mtengo wa lita mu Malichi. Kagalimoto kanga kamayenda makilomita pafupifupi 12 pa lita imodzi pa tala, ndipo m'matope, pa giya yotsika, kamamwa ngati kali ndi ludzu la masiku atatu. Zonsezi zimafuna ndalama mu Novembala, mu Januwale ndi mu Epulo, miyezi imene mlimi wa chimanga ndi soya alibe chogulitsa. Funso langa loyamba kwa wofuna kugula silikhudza galimoto konse. Ndimafunsa kuti, "Mwezi wa Febuluwale mumagulitsa chiyani?" Akakhala chete, nkhani yatha.

Ena amati kagalimoto kadzadzilipirira kokha ponyamula anthu. Werengani mipando: ilipo inayi, umodzi ndi wa woyendetsa. Anthu atatu olipira sangakwanitse petulo ndi matayala pa njira yoipa, ndiye chifukwa chake eni ake amapanikiza asanu ndi awiri, n'kubwerera ku vuto la katundu lija. Komanso kunyamula anthu olipira kumafuna chilolezo chake ndi inshuwalansi yake. Tsiku la ngozi, inshuwalansi ya galimoto ya pakhomo siidzawadziwa anthu amene munawalipiritsa, ndipo mlandu udzagwera pa khola lanu. Ngati cholinga ndi kuyenda msanga ndi katundu wochepa, njinga yamoto yatsopano imachita zambiri mwa zimenezi pa mtengo wochepa, ndipo wokonza wake amapezeka pa msika uliwonse. Ndikuvomereza kuti siinganyamule wodwala kwambiri usiku wa mvula. Apo pokha ndiye pamene kagalimoto kalibe wopikisana nako, ndipo ndi chifukwa chake sindinena kuti pasakhale wogula.

Amene ayenera kugula alipo. Mlimi wa dimba lothirira amene amatulutsa matimati, anyezi ndi kabichi chaka chonse. Woweta nkhuku za mazira amene amapereka mathireyi ku mashopu mlungu uliwonse. Wogulitsa mbewu ndi mankhwala a ziweto amene amayendera midzi. Katundu wawo ndi wopepuka koma wa mtengo, ndipo amawonongeka akachedwa. Kwa anthu otere kagalimoto ndi wantchito weniweni. Za magulu a alimi ogula galimoto pamodzi ndili ndi mantha pang'ono. Ndaona kuti tsiku logula aliyense ndi mwini, koma tsiku la kufa kwa giyabokosi mwini sapezeka. Gulu limene lilibe buku lolembamo ulendo uliwonse, woyendetsa mmodzi wodziwika, ndi thumba la zokonzera limene wokwera aliyense amaponyamo, ngakhale wapampando, lisayese.

Tsono kwa inu amene mwayesa thumba lanu ndipo mwaona kuti mungathe, ulendo wogula usayambire pa galimoto. Uyambire ku mashopu a masipeya. Pitani ku Down Shops ku Chipata, kapena kwa ogulitsa a ku Katete ndi Petauke, mukafunse zinthu zinayi za mtundu umene mukuufuna: kilachi, pampu ya madzi, mabelingi a mawilo akutsogolo, ndi gasiketi ya mutu wa injini. Akakuuzani kuti zonse n'zoitanitsa ku Lusaka, kumbukirani kuti Lusaka ili pa mtunda woposa makilomita 550 kuchokera ku Chipata, ndipo galimoto yanu idzagona masiku ambiri podikira kachitsulo kolowa m'thumba la malaya. Funsaninso makanika wa kwanu ngati anatsegulapo injini yotero. Galimoto yabwino ndi imene munthu wa pafupi amaidziwa m'mimba.

Pali zinthu zina za mitundu imeneyi zimene wogulitsa sadzakuuzani. Pajero Mini, ndi ma Jimny ambiri ochokera ku Japan, ali ndi injini ya 660cc yokha, kawirikawiri yothandizidwa ndi tebo. Anapangidwira malamulo a ku Japan a timagalimoto tating'ono. Kainjini kotero kamagwira ntchito mokuwa, kamafuna oilo wabwino wosinthidwa pa nthawi yake, ndipo pa zitunda za pakati pa Nyimba ndi mlatho wa Luangwa, kali ndi anthu anayi, kamatentha msanga ngati ladiyeta ili yotsekeka. Jimny ya injini ya 1.3 ndi yopirira kuposa pamenepo. Pajero iO yambiri ili ndi injini yotchedwa GDI, imene pampu yake ya petulo ndi yodula ndipo siigwirizana ndi mafuta a m'zigubu ogulidwa m'mbali mwa njira. Toyota RAV4 yoyamba, ya kuyambira 1994, masipeya ake a injini savuta kwenikweni, koma ilibe giya yotsika ya m'matope ndipo thupi lake silinakhale pa chasisi ya payokha monga Jimny kapena Suzuki Escudo yakale. Ndipo chenjerani ndi ichi: si galimoto iliyonse yooneka ngati 4x4 imene ili 4x4. Mitundu ingapo inatulukanso yokoka ndi mawilo awiri okha, thupi lili lomwelo. Gwadani pansi muone ngati mphamvu ikufika ku mawilo akutsogolo ndi akumbuyo komwe. Chilembo chomatidwa pa chitseko chakumbuyo chimagulidwa pa msika.

Kodi ndi bwino kuitanitsa ku Japan kapena kugula imene yayenda kale kuno? Yoitanitsa, imene imatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Nakonde, kawirikawiri imafika ili yosatopa, chifukwa misewu ya kumeneko ndi yosalala ndipo galimoto zimapimidwa mwalamulo zaka ziwiri zilizonse. Koma mtengo umene mukuona pa intaneti si umene mudzalipire: pali sitima, pali msonkho wa ZRA pa malire, pali woiyendetsa kuchokera ku doko, pali kulembetsa. Ndiponso mukugula chinthu chimene simunachigwire, ndipo zochokera ku zigawo za chipale chofewa, kumene amathira mchere m'misewu, zimabwera ndi dzimbiri kunsi. Ya kuno mumaiona ndi maso, koma yadya kale mabampu athu. Ine ndimakonda ya kuno imene mwini wake ndi mbiri yake zikudziwika, monga yogulitsidwa ndi munthu amene wakhala nayo zaka zambiri ndipo akhoza kukuuzani makanika amene amaikonza. Ya munthu amene waigula mwezi watha ndipo akuigulitsa "msanga" ndimaiopa.

Kagalimoto kanga koyamba ndinakagula ndi maso okha, ndipo ndinalipira sukulu yodula. Wogulitsa anandiuza kuti tikumane masana pa malo omwetsera mafuta. Ndinapeza injini ili yotentha kale, ikulira bwino, yotsukidwa mpaka kunyezimira. Ndinazungulira nako tauni pa tala, ndinakondwa, ndinalipira. M'mawa mwake kunyumba kanavuta kulira, ndipo katalira kanatulutsa utsi woyera wosatha. Gasiketi inali itapsa, madzi akulowa m'injini. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo ine nyererezo ndinazilipira ndi ndalama ya mbewu. Kuyambira pamenepo lamulo langa ndi lakuti galimoto yakale imaonedwa m'mamawa, pamalo pamene yagona, injini ili yozizira. Gwirani ndi dzanja mutsimikize. Yang'anani pansi pamene yagona ngati pali madontho. Tsegulani chotsekera cha oilo: mukaona phala loyera ngati mkaka wosasa, madzi akusakanikirana ndi oilo. Utsi wabuluu ndi injini yodya oilo. Injini yotsukidwa kwambiri imandikayikitsa kuposa yafumbi, pakuti fumbi silibisa pamene pakudontha.

Pitani ndi makanika wanu, wolipidwa ndi inu, osati woitanidwa ndi wogulitsa. Mulowe naye kunsi ndi tochi ndi kanyundo. Chasisi yowotcherera, yopindika kapena yopakidwa utoto wakuda watsopano pamalo amodzi ikunena za ngozi kapena za katundu wopitirira. Injini yotopa imakonzeka. Chasisi yovunda ndi imfa ya galimoto. Manambala a makilomita pa wotchi musawakhulupirire kwambiri, chifukwa amabwezedwa. Kutha kwa mphira wa mapedulo, chiwongolero ndi mpando wa woyendetsa kumanena zoona kuposa wotchi. Kenaka tulukani nayo pa tala mupite pa njira ya dothi. Lowetsani 4H, kenaka 4L, mukwere kachitunda ka mchenga, wina ataima panja kuona ngati mawilo akutsogolo akukokadi. Pa Jimny, mawilo akutsogolo amalumikizidwa ndi mpweya wodzera m'timapaipi, ndipo timapaipi tikang'aluka nyali ya 4x4 ikhoza kuyaka kapena kuphethira pamene mawilo sakugwira. Pobwerera pa tala, thamangani pang'ono kufika makilomita 70 kapena 80 pa ola. Chiwongolero chikayamba kunjenjemera mwamphamvu mutagunda kabampu, mabelingi a m'makona a ekiselo yakutsogolo atha, matenda odziwika a mtundu umenewu. Amachizika, koma mtengo wake uchotsedwe pa mtengo wa galimoto. Wogulitsa akakana kuyesa kumeneku, mwayankhidwa kale.

Za mapepala ndinena mwachidule chifukwa sizifuna nzeru, zimafuna kuuma mtima. Nambala ya chasisi ndi ya injini zolembedwa m'buku la umwini, lija timalitcha white book, zifanane ndi zodindidwa pa chitsulo, chilembo ndi chilembo. Dzina la m'bukulo lifanane ndi la pa chitupa cha amene akulandira ndalama. "Ndi ya achimwene, ali ku Kitwe" si pepala. Kuno kufupi ndi malire a Malawi ndi Mozambique kumayenda galimoto zolowa mozemba msonkho ndi zina zakuba, chotero kafunseni ku polisi ndi ku RTSA musanapereke ndalama, mulembe kalata yogulitsana pamaso pa mboni, ndipo musinthe umwini msanga. Galimoto yopanda mapepala oongoka imalandidwa pa chipata cha apolisi, ndipo amene anakugulitsani foni yake idzakhala yozima.

Mukagula, musathere ndalama yonse pa mtengo. Ine ndimalangiza kusunga gawo limodzi mwa magawo anayi a ndalama yanu kaamba ka miyezi itatu yoyamba. Sinthani oilo yense, wa m'injini, m'giyabokosi ndi m'madifu, ndipo ngati injini yake ndi ya lamba wa taimingi, sinthani lambayo ngakhale wogulitsa atalumbira kuti ndi watsopano. M'injini zambiri akaduka amawononga mavavu. Phunziraninso kukagwiritsa ntchito. Pa Jimny ndi Escudo yakale, 4x4 ndi ya pa dothi, mchenga ndi matope. Mukaiwala n'kuyenda nayo pa tala youma, magiya amakokana mpaka china chithyoke. Ndipo mawilo anayi sasandutsa galimoto kukhala bwato. Kagalimoto kopepuka kamatengedwa ndi madzi othamanga msanga kuposa lole. Mtsinje ukadzaza, dikirani pamodzi ndi a njinga.

Mwezi wathawu anabweranso wina ndi foni yake, mayi wa dimba lalikulu amene amagulitsa ndiwo zamasamba ku Katete kawiri pa mlungu. Ndinamufunsa funso langa la Febuluwale, ndipo anandiwerengera repu, anyezi ndi mazira. Ndinafunsa za ng'ombe, nati sizikhudzidwa, ndalama ndi ya m'banki ya m'mudzi ndi ya matimati a chaka chatha. Tinapita ndi makanika m'mamawa kukaona kagalimoto kamene anakakonda, ndipo tinapeza chasisi yowotcherera mbali zonse ziwiri. Anakhumudwa, pakuti anali atauza kale ana kunyumba. Ndalama yake ikali m'buku, ndipo Loweruka likudzali tikukaona kena ku Sinda.